Tsiku la Amayi ku Sukulu ya Thiri

Sing Buri,
18 Ogasiti

Okondedwa Amayi,

Ndayamba ndi kukugwadirani, ngakhale ndili kutali chonchi. Kodi mawondo aja akukulolani kuyenda nyengo ya mvula ino? Ko Soe Paing anandiuza kuti madzi afika kale pamakwerero a nyumba, koma inu mukukanabe kusamukira kwa iwo, ati mukuopa kuti nkhuku zanu zigona ndi njala. Chonde amvereni achimwene, nkhuku si anthu. Kuno tonse anayi tili moyo. Khanda lathu Zwe linali ndi chifuwa koma chatha. Mano amera anayi, ndipo onsewo akuwayesera pa ine.

Ko Soe Paing, ndikudziwa kuti ndinu mukuwerenga kalatayi mokweza. Musadumphe mzere ngakhale umodzi, ndimakudziwani inu. Pamene pakuwawa muwerenge pomwepo, Amayi si mwana.

Ndalemba kalata chifukwa pafoni ndimalephera. Mwandipempha kawiri konse kuti mvula ikatha ndimutumize mdzukulu wanu Thiri ku Pyapon azikakhala nanu, asanaiwaliretu chilankhulo chathu cha Chibama. Kawiri konse ndakuyankhani kuti netiweki ikudukaduka. Ndinanama, Amayi, netiweki inali bwinobwino. Yankho ndi lomwe ndinalibe. Tsopano ndili nalo, koma mundilole ndiyambire kutali, mukudziwa kuti ine nkhani sindidulira.

Mwamuna wanga Ko Nyein akadali kuchigayo cha mpunga. Amabwera ali mbuu mpaka nsidze, Zwe n'kumamuthawa. Ine ndili pamsika kwa mayi Wandee, amene amagulitsa nsomba zoyanika. Ntchito yake ndi yomwe munandiphunzitsa ndili wamng'ono: kupala mamba, kutumbula, kung'amba pamsana, kuthira mchere, kuyanika. Manja amagwira okha osandifunsa. Pakamwa ndi pamene pali vuto.

Chaka chija tinali ku Mahachai, Chithai sichinkafunika n'komwe. Wogulitsa ndiwo anali wakwathu, woyandikana naye nyumba wakwathu, ngakhale kapitawo wotikalipira anali wakwathu. Koma malo a sukulu a Thiri anasowa, ndiye tinasamukira kuno. Ndinaumirira ndine, Ko Nyein sankafuna. Walira mvula walira matope. Kuno akwathu ndife ndi banja lina limodzi la kutsidya kwa mtsinje, ndipo mwezi umatha osaonana nalo.

Ndiye ndinayamba sukulu, ine wamkulumkulune. Lamlungu lililonse masana timakumana kuseri kwa kachisi, anthu asanu ndi mmodzi, ndi mayi wina amene anapuma pa uphunzitsi. Tonse timawatchula Khru Pranee. Buku lawo ndi la ana a mkaka. Zilembo za Chithai zilipo makumi anayi ndi zinayi, ndipo chilichonse chili ndi chithunzi chake: choyamba nkhuku, chachiwiri dzira, chachinayi njati. Pa njatipo ndinakhalapo masabata atatu. Ko Nyein ankandiseka, ati ndakakamira pamenepo chifukwa ndapezapo m'bale wanga. Ndinamuyankha kuti njati yowetayo imalima, nanga iye zaka zitatu zonsezi Chithai chake ndi "chabwino bwana" ndi "botolo limodzi" basi. Anangopitiriza kudya mpunga wake.

Khru Pranee ndi munthu wabwino koma sanyengerera. Akuti ndikamalankhula ndimamveka ngati ndikufuna ndewu. Amandimenya pamkono ndi pensulo n'kumati, "Tsitsa, Thuzar, tsitsa. Ukupempha madzi akumwa kapena ukulanda?" Anzanga amaseka, nane ndimaseka. Ndikafika kunyumba mutu umakhala ukuwawa.

Thiri yekha sizinamuvute. Miyezi isanu ndi umodzi inakwana. Kuno mwana aliyense amakhala ndi kadzina kosewerera, ndipo aphunzitsi ake anamupatsa lakuti Namfon. Akaweruka amakhala kwa eni nyumba yathu, amene ana onse a mumsewu muno amawatchula azakhali Lamyai, mpaka ife titabwera ku ntchito. Amadya kumeneko, amalemba za kusukulu kumeneko, amaonera katuni kumeneko. Ine ndimafika dzuwa likulowa, ndili ndi Zwe kumsana ndi fungo la nsomba thupi lonse. Ndikamuuza m'Chibama kuti idya, samba, tseka chitseko, amamva, koma amayankha m'Chithai. Ndikapitirira pamenepo amangondiyang'ana pakamwa. Tsiku lija munamufunsa pafoni ngati akukumbukira mtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba, iye n'kukhala chete, inu munati wachita manyazi. Sanali manyazi ayi. Sanakumveni.

Tsopano ndifike pa chomwe ndalembera. Kuno mu Ogasiti ali ndi tsiku la amayi, ndipo masukulu amalitenga ngati nkhani yaikulu. Amandandalika mipando, amayi n'kukhalapo, ana n'kubwera chogwada kudzagunditsa mphumi pamapazi a amayi awo ndi kuwapatsa maluwa oyera a jasimini. Mayi amaika dzanja pamutu pa mwana n'kumunenera mawu. Chaka chatha sindinapite chifukwa ndinali pafupi kuchira Zwe. Chaka chino ndinkadikira kapepala koitanira, koma sikanafike m'manja mwanga.

Loweruka lina kumapeto kwa Julayi mvula inagwa kuyambira m'mawa, nsomba zosayanikika, mayi Wandee n'kutiuza kuti tizipita. Ndinafika kunyumba masana. Ndikuvula nsapato pakhomo, ndinamva Thiri akulankhula ndi azakhali Lamyai kukhitchini. Sanandione. Anali ndi kapepala kaja m'manja, ndipo anati:

"Azakhali, mupite ndinu. Amayi satha kulankhula. Anzanga akandiseka."

Amayi, ndaphunzira Chithai chaka chathunthu. Pamsika munthu akandilankhula ndimagwira mawu awiri, atatu n'kundipulumuka, ndiye ndimangomwetulira ngati chitsiru. Kuchipatala ndi Zwe ndimaloza ndi zala. Koma apa ndinamva zonse, kuyambira liwu loyamba mpaka lomaliza, popanda wondimasulira. Aka kanali koyamba m'dziko muno kuti ndimve munthu kwathunthu, ndipo munthuyo anali mwana wanga.

Azakhali Lamyai anamukalipira, koma zawozo zinali zothamanga, ndinangogwirapo zoti iwo ali ndi ana awo atatu owaliza okwanira. Dzanja linandiyabwa, sindikubisirani. Mukundidziwa mtima wanga. Koma ndikanamumenya ndikanamuuza kuti walakwa chiyani? Ananama? Ndinavalanso nsapato zanga mwakachetechete, ndinabwerera mumvula ndi Zwe kumsana, n'kukaima pakhonde la sitolo ya mankhwala mpaka nthawi yanga yofikira masiku onse. Pobwerako ndinachita kukhosomola kuchokera kutali.

Nditamuuza Ko Nyein anapsa mtima kuposa ine. Anamuitana Thiri, kumuimika patsogolo pake, n'kuyamba kumulalikira m'Chibama ngati amonke pa tsiku la mwezi wathunthu. Ati mwana wopanda mwambo, ati tikuvutikira iwe, ati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Mwanayo anagwirapo liwu la mwendo lokha, n'kuyang'ana miyendo yanga modabwa. Ndinamuuza Ko Nyein kuti basi zisiye, ukungotha malovu. Kenako ndinamuuza Thiri m'Chithai changa chothyokathyokacho kuti pampandopo ndikakhala ndine. Iye anangofunsa ngati ndikalankhule mokweza.

Lamlungu lake ndinatsalira anzanga atapita, n'kupempha Khru Pranee kuti andiphunzitse zomwe amayi a kuno amanena pa tsikulo. Sanafunse chifukwa chake. Anandipatsa mizere inayi yaifupi: ukhale mwana wabwino, ulimbikire sukulu, ukule ndi thanzi, amayi amakukonda. Ndinailemba ndi zilembo zakwathu pa chidutswa cha katoni ya mchere, ndinaiyedzeka pambali pa beseni, ndipo masabata awiri ndinkainena kwa nsomba iliyonse ndisanaitumbule. Mayi Wandee ankaseka mpaka kugwira nthiti. Ankauza ogula kuti nsomba zawo ndi zodalitsidwa kuposa zonse mu Sing Buri, ati iliyonse yauzidwa kuti ilimbikire sukulu. Koma ndikalakwitsa ankandikonza, ngakhale ali pakati powerengera munthu chenji.

Tsikulo litafika, azakhali Lamyai anandibwereka bulauzi yabuluu, chifukwa ndi mtundu umene amayi onse amavala, ndipo anatenga Zwe. Ndinatsuka manja ndi mandimu katatu. Ndinapera khungwa la mtengo wa thanaka pamwala uja munandipatsa, n'kudzola m'masaya monga ndimachitira m'mawa uliwonse. Kenako ndinadziyang'ana pagalasi, ndinaganiza za anzake aja, n'kupita kukasukusula. Mundikhululukire, Amayi. Chikulireni sindinatulukepo panja nkhope ili yosadzola, ndipo mumsewu ndinkamva ngati ndaiwala kuvala. Thiri atandiona anamwetulira n'kunena kuti ndakongola. Zimenezo zinandipweteka kuposa akanakhala chete.

Kusukulu anatikhazika muholo, mizere itatu ya mipando. Si onse anali amayi. Mipando ina inali ndi agogo, chifukwa amayi ake a anawo ali ku ntchito ku Bangkok. Pa wina panakhala bambo wonenepa wovala yunifolomu ya ulonda, thukuta lili kamukamu, ndipo pa iwiri panakhala aphunzitsi. Anaika nyimbo yawo ija yoliza, anthu n'kuyamba kufwenthera mwambo usanayambe n'komwe. Mayi amene anali pambali panga anandifunsa kuti mwana wanga ndi uti. Ndinati Thiri, iye osamudziwa. Nditati Namfon anawala nkhope, ati ndi mwana wanzeru zedi, amawerenga bwino kuposa wake.

Kenako ana analowa chogwada, aliyense kulunjika mpando wake. Mukanamuona mdzukulu wanu. Tsitsi lodulidwa bwino lolekeza m'makutu, malaya oyera, kankhata ka maluwa m'manja awiri. Anafika, anandipatsa maluwawo, anaphatikiza manja, n'kutsitsa mutu mpaka mphumi inakhudza zala za mapazi anga. Sanalakwitse kalikonse. Ndinkamva kutentha kwa mpweya wake pamapazi, ndipo mtima wake unkagunda mpaka kumveka pa mwendo wanga. Ankaopa, Amayi. Ankaopa pakamwa panga.

Ndinaika dzanja pamutu pake n'kunena mizere yanga inayi, motsitsa monga Khru Pranee anandiuzira. Yonse inatuluka bwinobwino, osaphonya ngakhale pamodzi. Mayi wa pambali uja anandigwedezera mutu. Thiri anadzutsa nkhope, ndipo choyamba anayang'ana kumanja ndi kumanzere kuti aone ngati pali amene akuseka. Panalibe. Anapuma mpweya waukulu, anaphatikizanso manja, n'kundithokoza mwaulemu monga amathokozera mlendo akamupatsa switi. Mayeso ndinakhoza. Koma mawuwo anali obwereka ngati bulauzi ija, ndipo tonse awiri tinkadziwa zimenezo.

Dzanja langa linali likadali pamutu pake, ndipo sindinafune kulichotsa ndisanamupatse kanthu kanga. Apo ndi pamene mawu anu anandibwerera, aja mumatinenera pa chikondwerero cha Thadingyut tikabwera ndi makandulo ndi nthochi kudzakugwadirani. Sindinakonzekere, anangotuluka okha, chapansipansi. Ndinati, komwe upite ndi komwe uchokere, usapunthwe pa chitsa, munga usakukole. Ndinati, ukumane ndi anthu abwino, oipa akulambalale.

Pamenepo ndinaima. Ndikudziwa kuti pali zambiri kutsogolo kwake. Pali pena mumatchula mthunzi, pena mumatchula ukalamba, ndipo pali mathero aja aatali amene mawu anu amatsikira pansi, ife n'kudziwa kuti tayandikira kudzuka. Ndinafufuza m'mutu monse, koma zimene zinkabwera ndi mizere ya Khru Pranee. Ndinayambiranso poyamba kuti mwina zikokana zokha, n'kuimanso pomwe paja. Zaka zonse zija ndinkakhala nkhope pansi, nthawi zina ndikulira, nthawi zina ndikuganiza za makeke a mpunga amene mutigawire tikadzuka. Sindinawaloweze. Ndinkayesa kuti munthu akabereka, mawu amenewo amabwera okha pamodzi ndi mkaka.

Thiri anandikoka siketi n'kunong'ona m'Chithai, "Amayi, mukuti chiyani? Zatha, anzanga adzuka." Nditayang'ana, mzere wonse unali utaimiriradi, tatsala awiri tokha. Ndinachotsa dzanja langa, iye n'kuthamangira anzake.

Masana ndinabwerera ku ntchito. Mayi Wandee anandifunsa mosangalala kuti zayenda bwanji, ndinati zayenda bwino. Anandiyang'ana m'maso, sanafunsenso, anangondikankhira beseni lina la nsomba n'kundikhazika kuseri komwe ogula saona. Ndinalira kumeneko mpaka beseni linatha. Madzulo Thiri anachingamira bambo ake pakhomo akudumphadumpha, kuwauza kuti amayi akhoza, palibe amene waseka. Ko Nyein anandiyang'ana monyadira. Sindinamuuze za mawu oiwalika aja, mukuyamba kumva ndinu.

Ndiye yankho langa ndi ili, Amayi: Thiri sabwera. Ndikudziwa kuti likupwetekani, ndipo mwina mukuti mwana wanga wauma mtima. Koma tamverani. Ine ndakhala zaka ziwiri pakati pa anthu amene milomo yawo imayenda ine osamva kanthu, akaseka osadziwa ngati akuseka ine, ndikadwala osatha kunena pamene pakupweteka. Ndine munthu wamkulu, ndili ndi mwamuna, koma pali masiku amene ndimafika kunyumba ndili wofooka ngati ndamenyedwa. Ndikamutumiza kwa inu, ameneyo adzakhala iye. Adzakhala pakhonde panu, ana a mng'ono wanga Nilar akumuseka kuti satha kulankhula, ndipo pofuna kulira sadzapeza ngakhale mmodzi womumva. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri zokha. Sindingamupatse matenda anga kuti ine ndichire.

Komanso ndisakunamizeninso, ndikuopa. Panopa tili ndi timawu tochepa tomwe timakumanirana, twa kudya ndi kusamba, ndi tomwe ndikutola kwa Khru Pranee. Akapita zaka zitatu, adzabwera ndi Chibama chokoma, koma ine adzanditcha chiyani? Mwana wandithawira kutsogolo, ndipo woyenera kuthamanga ndine. Zilembo ndafika pakati, pa chithunzi cha kamba. Ko Nyein akuti ndapezanso m'bale wina. Mulekeni aziseka, ndikafika. Ndikufuna tsiku lina akadzakhala ndi chomuvuta mumtima adzandiuze ine, osati azakhali Lamyai, ngakhale adzandiuze m'chilankhulo cha eni dziko.

Sindikukwiyira munthu. Azakhali Lamyai amamudyetsa ngati wawo, aphunzitsi amamukonda, mwanayo sanalakwe. Ndikafuna womukwiyira ndimapeza ndine ndekha, ndiye ndimangodzuka n'kukatsuka mbale.

Pempho langa ndi limodzi. Tsiku lina mawondo akakupatsani mpata, mukhale pansi ndi Ko Soe Paing, munene mawu a mdalitso aja onse, pang'onopang'ono, monga mumanenera tikagwada, iwo azilemba. Ko Soe Paing, musafupikitse, ndipo musakonze kuti amveke ngati a m'buku. Mulembe momwe Amayi anenere, ngakhale pamene abwereza. Pepalalo mupatse Ma Khin Pyone, msuweni wa Ko Nyein amene wabweretsa kalatayi, chifukwa abwerera kuno Thadingyut isanafike. Musandiuze pafoni, ndidzangolira n'kuiwalanso. Ndikufuna chaka chino ana anga akadzagwada m'kachipinda kathu kano, ndidzanene mpaka kumapeto. Kaya Thiri adzamvapo mawu angati, sindikudziwa. Koma asadzadzuke ine nditaima pakati.

Mundiperekere moni kwa Ko Soe Paing ndi alamu anga Ma Ohnmar, ndipo ndikuwathokoza pokusamalirani pamene ine kulibe. Moni kwa mng'ono wanga Nilar ndi ana ake onse atatu, mumuuze kuti nsalu ija ndikuvalabe. Moni kwa amalume U Ba Shein, achepetseko ndudu zawo zija, ndi kwa azakhali Daw Tin Hla. Mkamwini wanu Ko Nyein akukugwadirani. Zwe, amene simunamunyamulepo, wagwira pepalali ndi dzanja lamafuta, ndiye kadontho kali pakonapo ndi moni wake.

Thiri ndamuuza kuti ndikulembera agogo ake, anene mawu ake. Waganiza kanthawi, pensulo ili kukamwa. Akuti agogo akhale ndi moyo wautali, ndipo akadzakula adzabwera pa ndege kudzawaona. Wanena m'Chithai, Amayi. Womasulira ndine.

Ndine mwana wanu wouma khosi uja,
Thuzar